Tinthu tating'ono ta magalasi amitundu pamene zenera lalikulu lili m'kati

Zenera la magalasi amitundu limatopetsa likafika pakati. Kujambula pulani kumakoma, kusankha mitundu kumakomanso, koma mukadula zidutswa 40 n'kuona kuti zatsala zina 50, manja amayamba kulemera. Thabwa lija limakankhiridwa kuseri kwa kabati, fumbi n'kumaunjikana. Ambiri a lusoli amathana nazo poika pambali kanthu kotheka masana amodzi: kansomba, katsamba kapena kanyenyezi kopachika pawindo kuti dzuwa lizidutsamo. Ndimagwirizana nazo, bola kanthu kakang'onoko kazitumikira ntchito yaikulu, kasamaidyere galasi ndi nthawi. Pali anthu amene ali ndi tinsomba todzaza bokosi, zenera lawo lili pomwe analisiyira chaka chatha.

Ngakhale mazenera otchuka a m'matchalitchi a ku Ulaya anamangidwa pang'onopang'ono. Zenera lalikulu la kum'mawa la York Minster ku England, limene mmisiri John Thornton wa ku Coventry anayamba mu 1405 n'kulimaliza mu 1408, lili ndi zigawo 311, ndipo chigawo chilichonse chinkalumikizidwa pachokha patebulo asanachikweze. Kwathu kuno, amene anafikako ku Livingstonia anaona zenera la m'tchalitchi losonyeza David Livingstone, ndipo ku Likoma mu St Peter's Cathedral mulinso magalasi otere. Mazenera a m'matchalitchi amalumikizidwa ndi timizere ta mtovu tokhala ndi ngalande mbali zonse ziwiri. Njira imene tigwiritse ntchito pa tinthu tating'ono ndi ina, ya tepi ya kopa yokulunga m'mphepete mwa chidutswa chilichonse kuti zidutswazo zimatidwe pamodzi ndi chitsulo chosungunula, imene inatchuka ndi nyale za kampani ya Louis Comfort Tiffany ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Tepi imalola tizidutswa tating'ono kwambiri ndi mizere yopyapyala, n'chifukwa chake imayenera ntchito zachangu.

Yambani ndi kuteteza galasi la ntchito yaikulu

Musanadule chilichonse chaching'ono, yalani pulani ya zenera lalikulu ndi kudula kaye zidutswa zake zonse za mtundu umene mukufuna kubwerekako. Zikatha, sungani chigamba chimodzi chachikulu cha mtundu uliwonse, choti chidutswa chotalika kwambiri cha m'zeneramo chikhoza kutulukamo. Chimenecho ndi cha tsiku limene china chidzasweke pomata, ndipo tsikulo limafika ndithu. Zotsala pamenepo ndiye zanu zosewerera.

Lamuloli ndi lolimba chifukwa galasi lamtundu silibwera lofanana kawiri. Mtundu wake umachokera ku zitsulo zimene amasakaniza posungunula: cobalt amapereka buluu, chitsulo wamba ndi kopa zimapereka zobiriwira, selenium ndi cadmium zimapereka zofiira ndi zachikasu, pamene pinki weniweni amafuna golide, ndiye musadabwe ndi mtengo wake. Mphika wa lero ndi wa mwezi wamawa umasiyanako pang'ono, ndipo padzuwa kusiyanako kumaonekera. Nthawi zinanso mtundu umangosowa. Mu 2016 kampani ya Spectrum Glass ya m'chigawo cha Washington ku America, imene anthu ochuluka a lusoli ankadalira, inatseka, ndipo panapita nthawi magalasi ake asanayambenso kupangidwa ndi kampani ya Oceanside ku Mexico. Kwa ife amene galasi lathu limachita kubwera ndi achibale kuchokera ku Johannesburg kapena ku Britain, kuperewera chidutswa chimodzi cha buluu kukhoza kuimitsa zenera miyezi.

Zotsalazo zigaweni m'timabokosi potengera mtundu. Chilichonse chochepera chala chachikulu tayani m'chitini chokhala ndi chivundikiro, osati m'dzala momwe ana amafukula.

Ngati mulibe galasi lamtundu n'komwe, pitani kwa ogulitsa magalasi a m'mawindo mukapemphe zodukaduka za galasi loyera la mamilimita 3. Pophunzirira kudula palibe lina loposa limenelo. Kalilole wosweka amagwiranso ntchito, koma pakani polishi woyera wa zikhadabo m'mbali ndi kumbuyo kwake mukamaliza kupala, chifukwa mankhwala omatira amadya siliva wa kumbuyoko n'kusiya mawanga akuda. Galasi la galimoto lisiyeni: la m'zitseko linaumitsidwa mwapadera moti mukangolikanda limaphulika n'kukhala timiyala, ndipo la kutsogolo lili ndi pulasitiki pakati.

Zida

Mufunika chodulira galasi chokhala ndi kawilo kolimba kumapeto, ndi timafuta pang'ono ta makina osokera kapena palafini tonyowetsera kawiloko. Mufunika chopanira chothyolera galasi, mwala wonolera mipeni wa carborundum kapena makina opalira m'mbali ngati muli nawo, tepi ya kopa yomata ya mamilimita 5.5 m'lifupi imene ogulitsa amailemba 7/32, flux (mankhwala othandiza kuti chitsulo chosungunula chigwire pa kopa) ndi kaburashi kake, solder (waya wa chitsulo chosungunula chomatira) wa 60/40, waya wa kopa wopyapyala, thabwa lafulati, timisomali, cholembera chosafufutika, sipiriti ndi magalasi oteteza maso.

Pa soldering iron, ayironi yamagetsi yosungunulira solder, m'pamene ambiri amataya ndalama. Kaayironi ka okonza mawailesi ndi mafoni ndi kofooka, kamazizira kakangokhudza kopa. Pezani ya mawati 80 mpaka 100 ya mlomo wafulati, kapena ya mtundu wa Hakko FX-601 imene ili ndi pochepetsera moto. Yang'anitsitsani kuti ndi ya mavoti 230 ngati magetsi athu, chifukwa zambiri zogulitsidwa pa intaneti ndi za ku America za mavoti 120. Solder wa okonza mawailesi, wokhala ndi utomoni m'kati, nayenso si woyenera: amasiya zomata zakuda pagalasi. Gulani wopanda kanthu m'kati.

Kansomba ka zidutswa zinayi

Jambulani nsomba yotalika masentimita 12 papepala lolimba: mutu, thupi logawidwa pawiri, ndi mchira. Pangani makope awiri, lina lodula, lina loyalapo zidutswa. Mzere wogawa thupi ukhale wopindika pang'ono, usakhale wowongoka kuchoka uku kufika uko, chifukwa mzere wowongoka wodutsa chinthu chonse ndi pamene chimadzapindikira. Mchira usakhale ndi mphanda yakuya. Galasi limafuna kusweka molunjika, ndipo ngodya yolowa m'kati ngati chilembo cha V silola kuidula ndi dzanja. Ngati mukufunitsitsa mchira wa mphanda, ugaweni zidutswa ziwiri. Lembani manambala pa zidutswa zonse, ngakhale zili zinayi zokha, kuti chizolowezicho chikhazikike.

Dulani pepalalo, ikani chidutswa chilichonse pa mbali yosalala ya galasi, zungulizani ndi cholembera. Ngati galasi lili ndi mizeremizere, isankhireni kolowera tsopano: pathupi la nsomba imakongola ikamayenda kuchoka kumutu kupita kumchira.

Kudula ndiko mtima wa ntchito yonse, choncho tikhalitsepo. Valani magalasi oteteza maso, imirirani, musakhale pampando. Gwirani chodulira chilili, yambirani pafupi ndi m'mphepete mwa galasi, kankhani ndi mphamvu yofanana mpaka mutatulukira mbali inayo. Mukamachita bwino mumamva kaphokoso kosalekeza kakuti tsiii, ndipo pamatsala kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Mukaona ufa woyera ukuwaza m'mbali mwa mzerewo, mwapanikiza kwambiri. Mzere umodzi, ulendo umodzi. Kubwerezanso pomwepo kumawononga kawilo ndipo galasi limasweka mokhota. Kumbukirani kuti chodulira sichidula, chimangokanda pamwamba kulozera galasi poti lisweke, ndiye thyolani nthawi yomweyo: zala zazikulu pamwamba mbali zonse za mzere, zala zina pansi, pindirani kunja mwachangu. Kachidutswa kakakhala kopyapyala koti zala sizingagwire, gwirani ndi chopanira pafupi penipeni ndi mzerewo.

Pamene mutu ukumana ndi thupi pali kukhota kolowa m'kati. Dulani mbali imeneyo koyamba galasi likadali lalikulu, ndipo muichotse pang'onopang'ono: kandani mzere weniweniwo, kenako timizere tiwiri kapena titatu tosazama kunja kwake, n'kumathyola kamodzikamodzi kuyambira kakunja. Mukasiya kukhota kumeneku kuti mudzamalizire, nsonga zake zimathothoka. Tebulo muzisesa ndi burashi pafupipafupi. Kagalasi kamodzi kobisala pansi pa chidutswa kamachiswa mukapanikiza, ndipo kusesa ndi chikhatho kumathera ku pulasitala.

Palani m'mbali mwa chidutswa chilichonse ndi mwala wonyowa mpaka kuthwa kutachoka. Madziwo ndi ofunika, fumbi la galasi siliyenera kulowa m'mapapo. Yalani zidutswa papepala lachiwiri lija muone ngati zikugwirizana. Kampata kolowa chikhadabo n'kabwino, solder adzadzazamo. Tsukani, pukutani, kenako pakani sipiriti m'mbali kuti mafuta achoke. Tepi simata pagalasi lamafuta kapena lonyowa.

Matani tepi kuzungulira m'mphepete, galasi likhale pakati penipeni kuti kopa wopindikira kutsogolo ndi wakumbuyo afanane. Yambirani pa mbali imene idzakhudzane ndi chidutswa china, osati yakunja, ndipo pomaliza pitirizani ndi mamilimita 5 pamwamba pa poyambira. Pindani m'mbali ndi zala, kenako khutizani mwamphamvu ndi chigubu cha bolopeni kapena kamtengo kosalala mpaka makwinya onse atatha. Mzere wa solder umatsata ndendende pamene pali kopa. Tepi ikakhota, mzerenso ukhota, ndiye dulani zotuluka ndi lezala panopa. Pa galasi loonekera m'kati, kumbuyo kwa tepi kumaoneka, choncho ngati mudzadetse mizere gulani tepi ya kumbuyo kwakuda.

Yalani zidutswa pathabwa, zitchingeni ndi timisomali kuti zisasunthe. Pakani flux pang'ono polumikizana, donthezani kadontho ka solder pa malo alionse okumanirana kuti nsomba igwirane, chotsani misomali. Tsopano pakani flux mzere wonse, gwirani ayironi dzanja lina, waya wa solder dzanja lina, ziyendere limodzi mosathamanga. Cholinga ndi mzere wotukuka, wozungulira pamwamba. Solder wa 60/40, kutanthauza magawo 60 a tini ndi 40 a mtovu, amayamba kusungunuka pa madigiri 183 ndipo amauma msanga, n'chifukwa chake amatukuka bwino. Wa 50/50 amakhalitsa ali phalaphala ndipo amakonda kugona fulati. Ayironi itenthe cha m'ma madigiri 370 mpaka 400. Mzere ukatuluka wamabampu, pakaninso flux ndi kudutsanso, koma pasapitirire kawiri kapena katatu malo amodzi musanalole kuti pazizire. Tizidutswa tating'ono timatentha msanga: mukamva kuti the, galasi lang'aluka ndi moto, ndipo guluu wa tepi akatentha kwambiri amatuluka n'kuyamba kuchita thovu lakuda. Tembenuzani, matani kumbuyo. Solder akamadontha kudutsa mbali inayo, ikani kansalu konyowa pang'ono pansi pake.

M'mphepete mwakunja ndi mmene tinthu tachangu timaonetsera amene anathamanga. Tepi yokhayokha ndi yofooka. Pakani solder wopyapyala kutsogolo ndi kumbuyo, kenako imikani nsombayo mutaigwira ndi nsalu yokhuthala, mbali imene mukumata ikhale yogona mofanana, n'kumadontheza solder pang'onopang'ono m'mphepetemo. Miyendo yanu isakhale pansi pake. Pamene mchira ukumana ndi thupi m'popyapyala, ndiye matirirani kawaya ka kopa m'mphepete kuchoka pathupi kudutsa polumikizirapo kukafika kumchira, pamwamba ndi pansi.

Kamphete kopachikira kapangeni pokulunga waya pa pensulo, musiye timiyendo tiwiri. Timiyendoto tilowe mu mzere wolumikiza zidutswa, tikwiririke mu solder. Mukangomata kampheteko pa tepi yakunja, kulemera kwa galasi ndi kutentha kwa dzuwa la mu Okutobala zidzasenda tepiyo, tsiku lina mudzapeza nsomba ili pansi. Popachika, katcheni kapena waya n'zodalirika kuposa ulusi wa mbedza umene umafooka ndi dzuwa.

Tsukani nthawi yomweyo ndi sopo wa mbale ndi soda pang'ono. Flux ndi asidi, akagona pamenepo amatulutsa zoyera ngati nkhungu m'mizere. Ngati mukufuna mizere yakuda kapena ya mtundu wa kopa, pakani patina, mankhwala osinthira mtundu wa solder, mutavala magolovesi chinthucho chikangouma, tsukaninso, malizani ndi polishi wa galimoto wa phula.

Mmene kanthu kakang'ono kamathandizira zenera

Kansomba kali ngati dimba la m'mphepete mwa mtsinje pamene chimanga cha kumunda chikadali chachiwisi: mumatolako kena kake lero osasiya kulimira chachikulu. Koma phindu lake lenileni ndi kuyeserapo. Galasi lililonse lili ndi khalidwe lake podula. Loonekera m'kati limamvera msanga, pamene looneka ngati mkaka, losaonekera m'kati, limafuna mphamvu yochulukirapo ndipo nthawi zina silimveka n'komwe likamakandidwa. Ndi bwino kudziwa zimenezi pa mchira wa nsomba kusiyana ndi pa thambo la masentimita 30 la m'zenera lanu. Mukagula solder watsopano, flux wina kapena ayironi yatsopano, yambirani pa kanthu kakang'ono. Mukakayika ngati zenera likhale ndi mizere yakuda kapena yasiliva, pangani tinsomba tiwiri ta magalasi omwewo, tipachikeni pawindo lomwe zeneralo lidzakhale, muone m'mawa ndi madzulo. Mitundu iwiri imene imagwirizana patebulo nthawi zambiri imakangana padzuwa: buluu wozama amada bii pafupi ndi chikasu chowala.

Ndipo tsiku lomata zenera lalikulu, yambani ndi kansomba. Dzanja limene lakhala masabata osagwira ayironi limanjenjemera pa mizere yoyamba, ndiye mizere imeneyo igwere pa kanthu koti mukhoza kukabisa.

Kugawa nthawi

Kudula, kupala ndi mwala ndi kumata tepi sizifuna magetsi. Ayironi yokha ndiyo imafuna. Choncho magetsi akazima, dulani zidutswa za zenera lalikulu, ndipo akayaka kwa ola limodzi kapena awiri, nthawi imeneyo imakwana bwino kumata kanthu kakang'ono. Zenera lalikulu limafuna tsiku lodalirika, chifukwa mukalipaka flux n'kulisiya theka kwa masiku, kopa amada ndipo solder amakana kugwira. Pa chifukwa chomwecho musamate tepi pa zidutswa za zenera miyezi isanakwane nthawi yolumikiza, makamaka m'dzinja pamene mpweya uli wachinyezi. Ngati mwamata kale, zisungeni m'jumbo lotseka bwino, ndipo zikada zipukuteni ndi sitiliwulu wosalala kwambiri.

Ine lamulo langa n'lakuti kanthu katsopano kakang'ono kamayamba pokhapokha gawo lina la zenera litatha, kaya ndi masamba onse a kumanzere kapena malire a m'munsi. Komanso zenera likhale ndi thabwa lakelake losachotsedwapo, tinthu tating'ono tizipangidwira pa kathabwa kena. Zidutswa za ntchito ziwiri zikasakanikirana, mudzapeza nambala 37 ya zenera yasanduka mutu wa nsomba.

Zimene kansomba sikangakuphunzitseni

Chachikulu ndi kulemera. Chinthu cha masentimita 12 chimadzigwira chokha, koma zenera likafika cha m'ma sentimita 60 mbali zonse limayamba kupindika ndi kulemera kwake komwe. Limafuna malire olimba a zinc kapena felemu yamatabwa, ndi timizere ta kopa kapena tachitsulo tobisika m'kati mwa mizere italiitali. Zimenezi zimaganiziridwa pojambula pulani. Potembenuza kuti mumate kumbuyo, musalinyamule m'manja lili chogona: likokereni kumphepete kwa tebulo, liimikeni, ligonekeni pa thabwa lina. Yezani malo amene lidzalowe m'malo angapo, chifukwa mafelemu a mawindo athu sakhala ofanana pamwamba ndi pansi, ndipo chotsani mamilimita atatu mbali iliyonse. Muzidziwanso kuti tepi ndi mipata zimakulitsa zenera: pa zidutswa zinayi simungazindikire, pa mzere wa zidutswa 15 zimaonjezera mamilimita angapo. Khomani timatabwa towongoka kuzungulira pulani kuti zidutswa zisatuluke malire.

Zenera loti lizimenyedwa ndi mvula ndi mphepo limayenera njira ya timizere ta mtovu, imene amamaliza pokhutiza phala la mafuta a linseed ndi choko m'ngalande zonse kuti madzi asalowe. La tepi liikeni m'kati mwa nyumba, kuseri kwa galasi loyera limene lilipo kale.

Za mtovu

Utsi umene umatuluka pomata ndi wa flux, ndipo umalasa pakhosi, choncho gwirirani ntchito pakhonde kapena pawindo lotsegula, mphepo izikankhira utsiwo kutali ndi nkhope. Mtovu umalowa m'thupi kudzera m'manja ndi fumbi lopita kukamwa. Anzathu a ku Kabwe ku Zambia akudziwa ululu wake: mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana akumeneko akupezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi chifukwa cha dothi. Wa patebulo panu ndi wochepa kwambiri poyerekeza, komabe kwa mwana palibe mlingo wabwino. Musadye, kumwa kapena kusuta mukugwira ntchito. Musamatire kukhitchini kapena patebulo lodyera. Sambani m'manja ndi sopo mpaka m'zikhadabo mukamaliza, pukutani tebulo ndi nsalu yonyowa, ndipo zovala zogwirira ntchito zichapidwe pazokha. Amayi oyembekezera ndi ana asakhale pamene mukumata.

Tinthu tating'ono ndi timene timapita kwa anthu ngati mphatso kapena kukagulitsidwa, ndiye chenjezo lizipita nato limodzi. Kansomba kapachikidwe pamwamba poti mwana sangafikire, si chidole. Chilichonse chovala pathupi, monga ndolo ndi mikanda ya m'khosi, kapena chogwiridwagwiridwa monga kabokosi ndi chopachikira makiyi, chimatidwe ndi solder wopanda mtovu. Ameneyo amafuna moto wokwererapo, amayenda mouma ndipo salandira patina wakuda mofanana ndi wa 60/40, choncho muyeseni kaye pa zodukaduka ziwiri, ndipo mlomo wa ayironi umene mwamusankhira usakhudzenso solder wa mtovu.